Banki yabwezedwa zake zonse, nanga maloya ake ndiwalipire ndine?

Imelo ya sabata ino yachokera ku Indiana. Achimwene awa ali ndi kabizinesi koperekera sopo, magolovesi ndi mankhwala okolopera m'mafakitale, ndiye kampani ina yomwe ankaipatsa katundu pangongole yagwa, yalowa Chapter 7, mlandu wakukhoti womwe katundu wa kampani yagwa amagulitsidwa kuti abweze ngongole, isanawapatse madola 18,000 awo. Akuti nyumba ya kampaniyo yagulitsidwa 900,000, ngongole ya kubanki inali 700,000, ndiye iwo mumtima anati basi 200,000 yotsalayo tigawana ndi anzathu ena amene kampaniyi inawakongola. Koma mapepala akukhoti akuonetsa banki ikufunanso 35,000 ya chiwongoladzanja kuchokera tsiku lomwe mlandu unatsegulidwa, kuphatikiza 40,000 ya maloya ake, trustee, munthu amene waikidwa kuti agulitse katundu wa kampaniyo nkugawa ndalama, nayenso walemba 48,250 ya malipiro ake. Funso lawo ndi lalifupi: "Kodi uku si kuba kwa masanasana?"

Achimwene, si kuba ayi, lamulo likuwalola onse awiri. Koma sikuti chilichonse chomwe alemba papepalapo jaji akuyenera kungochidinda, ndipo munthu amene zikumukhudza kwambiri kuti manambalawo atsike ndi inuyo, osati trustee, ndifotokoza chifukwa chake kumunsiku.

Tiyambe ndi banki. Lamulo la ku America la makampani ndi anthu olephera kubweza ngongole, Bankruptcy Code ya 1978, limanena kuti tsiku lomwe mlandu watsegulidwa chiwongoladzanja chimaima kwa anthu ngati inu amene mulibe chikole. 18,000 yanuyo ikhala 18,000 yomweyo olo mlandu utatenga zaka zitatu. Koma ndime 506(b) imapatula munthu mmodzi, amene chikole chake chikuposa ngongole, achizungu amati oversecured. Zili ngati wakatapila amene wagwira njinga yanu yatsopano pa ngongole yochepa, iye alibe changu, akudziwa kuti akaigulitsa apeza zake ndi zoonjezera zomwe. Banki yotereyi imaloledwa kupitiriza kuwerengera chiwongoladzanja mlandu uli mkati, komanso kutenga ndalama zolipira maloya ndi zina zomwe yawononga, bola zikhale kuti zinalembedwa mu mgwirizano wa ngongoleyo kapena zili mu lamulo la state, kutanthauza chigawo ngati Indiana. Za lamulo la statezi anaziwonjezera mu 2005. Malire ake ndi mtengo wa chikolecho. Kwa inu apa ndiye kuti banki ikhoza kudya mu 200,000 ija mpaka itatha, ikatha basi yaima pomwepo.

Khoti lalikulu la dzikolo linaigamula nkhaniyi kawiri motsatizana. Mu 1988, pa mlandu wa Timbers of Inwood Forest, linati amene chikole chake ndi chochepera ngongole sapeza chiwongoladzanja chifukwa chodikira. Mu 1989, pa mlandu wa Ron Pair Enterprises, linati amene chikole chake chikuposa ngongole amapeza chiwongoladzanja olo pasakhale mgwirizano uliwonse, pamenepo anali a msonkho a IRS. Majaji anagawikana 5 kwa 4. Chomwe mutolepo ndi chakuti chiwongoladzanja ndi chovuta kuchikana, koma ndalama za maloya zili ndi zipata ziwiri zoti zidutse, choyamba zikhale mu mgwirizano kapena mu lamulo la state, chachiwiri zikhale zomveka.

Pa kumveka apa ndi pamene pali nkhondo yeniyeni. Mapepala ambiri a ngongole zakubanki amangoti wokongola adzalipira zonse zomwe banki yawononga potolera ngongole, ndiye maloya ena akaona kuti chikole ndi chonona amamasuka, loya wamkulu, wothandizira wake ndi wina wachitatu onse kupita ku hearing imodzi ya mphindi teni pamaso pa jaji, aliyense kulemba maola ake, ena kulemba motion yopempha jaji kuti banki ilande nyumba pomwe trustee wapeza kale wogula. Majaji ambiri amafunsa funso losavuta, kodi banki ikanawononga ndalama zonsezi zikanakhala zotuluka m'thumba mwake? Banki yomwe ngongole yake ndi 700,000 pa nyumba ya 900,000 sinali pachiopsezo chachikulu, ndiye 40,000 ikufunika kufotokozedwa bwino. Mwina pali chifukwa, mwina panali mkangano woti chikolecho chinalembetsedwa bwino kapena ayi, zoterezo zimadya maola. Koma muone time records, mapepala aja osonyeza tsiku, dzina la loya, zomwe anachita ndi maola. Mukapeza mzere umodzi wongoti "review file, 6.5 hours", kapena ntchito zisanu zaunjikidwa pamodzi osasiyanitsa nthawi, zimenezo majaji amadula kawirikawiri.

Muonenso kuti 35,000 ija yawerengedwa pa reti iti. Mgwirizano wambiri umakhala ndi reti ziwiri, yanthawi zonse ndi ina yokwererapo ya munthu amene waphonya kulipira. Khoti la apilo la Seventh Circuit ku Chicago, lomwe Indiana ili pansi pake, linati mu 1994 pa mlandu wa Terry Limited Partnership kuti poyambira ndi reti yomwe ili mu mgwirizano, koma ikhoza kutsutsidwa ngati sikuoneka yachilungamo. Ndiye musayembekezere zambiri apa, pokhapokha ngati kusiyana kwake ndi kwakukulu zedi kapena banki ikufuna reti yokwerayo pamodzi ndi chindapusa cha kuchedwa, makhoti ambiri salola kutenga zonse ziwiri pa cholakwa chimodzi.

Tsopano trustee. Uyu si wa boma kwenikweni, nthawi zambiri ndi loya kapena akauntanti wapayekha amene ali pa mndandanda wa ofesi ya United States Trustee, nthambi ya Department of Justice, ndipo sapatsidwa salale. Malipiro ake ali mu ndime 326(a) ndipo amayenda motere: 25 peresenti ya madola 5,000 oyamba, 10 peresenti kuchokera pamenepo kufika 50,000, kenako 5 peresenti mpaka 1 miliyoni, kupitirira apo 3 peresenti. Tengani calculator. 1,250 kuphatikiza 4,500 kuphatikiza 5 peresenti ya 850,000 yomwe ndi 42,500, zikukwana 48,250 ndendende. Ndiye munthuyo sanapeke nambala, wapempha pamwamba penipeni pomwe lamulo limalola.

Chomwe chimawawa ndi chakuti maperesentiwo amawerengedwa pa ndalama zonse zomwe wagawa, kuphatikiza zomwe wapereka kubanki. Sikuti ndi pa 200,000 yokha ayi, ndi pa 900,000 yonse. Koma poti banki imatenga zake zathunthu, komishoniyo kwenikweni imachoka pa gawo lanu. Kale majaji ankaitsitsa akaona kuti maola omwe trustee wagwira ndi ochepa, koma mu 2005 anaikamo ndime 330(a)(7) yoti malipirowa azionedwa ngati komishoni, ndiye masiku ano makhoti ambiri amapereka yonse pokhapokha patakhala chachilendo kwambiri. Ine pandekha sindimawakwiyira kwambiri ma trustee, milandu yambiri ya Chapter 7 imakhala yopanda katundu woti nkugulitsa ndipo kuyambira 1994 kwa zaka zambirimbiri pa mlandu wotere ankangolandira madola 60, mlandu umodzi wa nyumba ngati uwu ndi womwe umalipira ina yonseyo. Komanso akanaisiya nyumbayo kuti banki ilande yokha nkukagulitsa pa okushoni, mwina sikanafika ndi 900,000 yomwe, inu simukanaona olo kobiri.

Koma taonani pamene pagona nkhani. Poti komishoni yake ndi yomweyo kaya ndalama yapita kubanki kaya yabwera kwa inu, trustee sapindula kalikonse akalimbana ndi maloya a banki. Ndi udindo wake inde, ndime 704 imati aziunika zomwe anthu akulonjerera nkutsutsa pamene pali phindu, ndipo ambiri amachitadi. Koma akatsutsa amatuma loya wake, loyayo amalipidwa padera, osati kuchoka mu 48,250, ndipo ndalama yake ikuchoka mu mphika womwewo. Ndiye ena amangoona kuti kudula 10,000 powononga 6,000 palibe nzeru, nkusiya. Nchifukwa chake ndikuti musakhale chete kudikira kuti wina akuyankhulirani.

Pali ndime inanso, 506(c), yomwe imalola kuti ndalama zomwe zawonongedwa posamalira kapena kugulitsa chikole, monga inshuwalansi, alonda, magetsi, zichotsedwe pa chikolecho. Anthu amaimva nkusangalala kuti banki ilipirako, koma mu 2000 khoti lalikulu linati pa mlandu wa Hartford Underwriters ndi trustee yekha amene angaigwiritse ntchito, inu simungathe. Ndipo pamene chikole chikuposa ngongole chonchi sikusintha zambiri.

Masamu anu ndiye ali chonchi, pa 200,000 chotsanipo 35,000, 40,000 ndi 48,250, patsala 76,750. Apo sitinachotse ejenti wogulitsa nyumba amene anapeza wogula, loya wa trustee, malipiro a antchito a masiku 180 omaliza ndi misonkho, onsewa ali patsogolo panu pamzere. Sindikufuna kukunamizani, mukhoza kulandira masenti ochepa pa dola iliyonse.

Zoti muchite ndi izi. Tsimikizani kuti proof of claim yanu, Form 410, fomu yodziwitsa khoti ndalama zomwe mukulonjerera, inalowa tsiku lomwe khoti linaika lisanadutse, iyi mukhoza kulemba nokha popanda loya. Tsegulani akaunti pa PACER, webusayiti ya mapepala a makhoti a federal, ndi masenti 10 pa peji ndipo mukapanda kupyola madola 30 pa miyezi itatu salipiritsa, mukoperemo mgwirizano wa ngongole ya banki ndi mabilu a maloyawo. Muimbireni trustee kapena mulembereni imelo mwaulemu, mumufunse ngati waunika 40,000 ija ndipo akuti bwanji. Mukafuna kutsutsa mwalamulo, yang'anani tsiku lomaliza pa notice yomwe mwalandira, kawirikawiri ndi masiku 21, ndipo dziwani kuti ngati bizinesi yanu ndi LLC kapena corporation simungaiyimire nokha kukhoti la federal, pakufunika loya. Apa ndi bwino kupeza anzanu awiri atatu amene nawonso akudikira ndalama, mayina awo ali pa mndandanda wa mlanduwo, musonkherane.

China chomwe simunafunse koma mwina chikupatsani zambiri kuposa kukangana ndi banki, pitani mukasanthule ma invoice anu. Katundu aliyense amene kampaniyo inalandira kuchokera kwa inu m'masiku 20 omaliza isanapite kukhoti ali pansi pa ndime 503(b)(9), mtengo wake umakwera kupita kutsogolo kwa mzere limodzi ndi zolipira za mlandu, kutsogolo kwa antchito ndi misonkho yakale. Izi ndi za katundu basi, ntchito yamanja sikuwerengedwa, ndipo makhoti ambiri amafuna pempho lapadera, Form 410 yokha sikwanira. Ndiye ngati pa 18,000 ija pali 5,000 kapena 6,000 ya sopo amene munatsitsa sabata ziwiri zomaliza, fufuzani ma delivery note osainidwa lero lomwe mumuonetse loya tsiku lisanapite.