Musanakagulitse kudansi ku Blantyre, funsani kaye za pageti

Funso: Ndimagulitsa thobwa ndi zitumbuwa pamsika wa Luchenza. Mlamu wanga akuti mu Okutobala madansi amachuluka ku Blantyre, ndipo ku Robins Park munthu amapha makwacha usiku umodzi wokha. Ndikufuna kukongola K200,000 kubanki m'khonde, chiwongoladzanja ndi K20 pa K100 iliyonse pamwezi. Nditenge?

Yankho: Mayi, alamu anu sakunama. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itayamba, oimba amakhala kalikiliki, ndipo tchuthi cha Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala chimawonjezera khamu. Koma chimene sanakuuzeni n'chakuti ndalamazo amapha ndani.

Dansi ya mumpanda ili ndi eni ake. Wokonza dansi amagulitsa malo kwa ochita malonda, ndipo nthawi zambiri zakumwa amazisiyira eni malo kapena kampani imene yathandiza ndi ndalama. Mutha kufika ndi zidebe zanu kuchokera ku Luchenza, alonda n'kukubwezerani pageti. Kunja kwa mpanda nako kuli malamulo a khonsolo ya mzinda. Choncho musanasaine m'buku la gulu, imbani nambala imene ili pa positala mufunse: malo ndi ndalama zingati, mukulola kugulitsa chiyani, ndipo dansi ikalephereka mubweza?

Tsopano tiwerengere. Mukatenga K200,000, pakutha mwezi gulu likufuna K240,000. Onjezani minibasi yopita ku Limbe ndi yobwerera, ya katundu imene kondakitala sangakusiyireni, galimoto ina yokafika pamalopo, wokuthandizani kugulitsa, ndi kogona, chifukwa dansi ikamatha usiku minibasi za ku Thyolo zimakhala zitaweruka kale. Zonsezi zituluke m'zitumbuwa za usiku umodzi. Nanga thobwa? Dzuwa la Okutobala mukulidziwa. Lophika dzulo, n'kukhala m'minibasi masana onse, pofika madzulo lasasa. Komanso anthu a kudansi, mowa ukalowa, amafuna kanyenya ndi tchipisi.

Ine ndikanati yambirani pafupi. Mwambo wa Mulhako wa Alhomwe umachitikira pa Chonde mu Okutobala momwemo, ndipo kuchokera kwanuko ndi kufupi. Kumafika anthu ochokera m'mizinda amene amalakalaka zakudya zakumudzi, thobwa ndi kalongonda. Gwiritsani ntchito mpamba umene muli nawo kale, lembani zimene mwagula ndi zimene mwagulitsa, ndipo khalani ndi Airtel Money kapena TNM Mpamba, poti ambiri masiku ano sayenda ndi ndalama zambiri m'thumba. Zikayenda bwino pa Chonde, ku Blantyre mudzapita ndi phindu lanu, osati ndi ndalama za gulu.

Funso: Ndine mnyamata wa pa Chitakale. Ndikufuna kuitana woimba wa ku Blantyre adzaimbe kuno mu Novembala. Pakhomo ndilipiritse zingati?

Yankho: Achimwene, mwayambira kumchira. Mtengo wa pakhomo umabwera pomaliza. Lembani kaye zimene woimbayo akufuna (ambiri amafuna theka asananyamuke), galimoto ya bandi, zimkuzamawu, holo, alonda, jenereta ndi mafuta ake poopa kuti magetsi angazime, ndi chiphaso cha bungwe la COSOMA loona za umwini wa nyimbo. Apolisi muwadziwitsenso nthawi ikadalipo. Mukaphatikiza zonsezo, gawani ndi theka la anthu amene angakwane muholomo, osati holo yodzaza. Mtengo umene utuluke ukakhala woti mnzanu wa kabaza sangaukwanitse, dansiyo isiyeni.

Chondidetsa nkhawa ndi mweziwo. Ndalama za ku Mulanje zimayenda ndi tiyi, ndipo tiyi amathyoledwa kwambiri mvula ikagwa, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo. Mu Novembala aganyu ambiri amakhala asanalembedwe, ndipo amene ali ndi kangachepe maso ali pa feteleza ndi mbewu. Sunthirani dansiyo kumapeto kwa Disembala, Loweruka loyandikana ndi tsiku lolandira malipiro m'maesiteti. Pakhale padenga, osati pabwalo, chifukwa mvula ya m'munsi mwa phirimo ikayamba siyang'ana kuti mwalipira kale woimba.

Pageti musaikepo msuweni. Sindikizani matikiti a manambala, wina azigulitsa, wina azing'amba.