Ukakumana ndi anamwino aja ukawafunse chiyani

Moni nonse pagulu pano. Ndikuyankha mwana wa achimwene, amene wafunsa m'mawa uja kuti anamwino ena avomera kucheza naye za ntchito yawo, ndiye akawafunse chiyani, komanso akuti akangomva mawu oti intaviyu m'mimba mumatentha. Ndajambula mawu poti kulemba kundichedwetsa. Iwe mwana wanga, tchera khutu.

Usapite kukapempha ntchito, wamva? Ukangokhala pansi n'kusolola CV, munthuyo amayamba kuganiza zoti akukane bwanji mwaulemu, macheza athera pomwepo. Upite ngati wofuna kuphunzira. Uwauziretu kuti ukupempha mphindi 20 kapena 30 basi, ndipo zikakwana utsanzike wekha, pokhapokha iwowo atati khala kaye. Tenga kope ndi cholembera. Ukafuna kujambula pa foni uyambe wapempha, ndipo za odwala usafunse mayina, namwino saloledwa kuulula chinsinsi cha wodwala.

Tsono mafunsowo. Zimene ungazipeze pa intaneti, monga kuti maphunziro ake amatenga zaka zingati, uwerengeretu kunyumba. Ndipo lija loti "ntchito yanu mumaikonda?" ulisiye, aliyense amangoti eya. Iwe ukati, "Shifiti yanu yausiku yomaliza inayenda bwanji, kuyambira pamene munalowa mu wodi?" Apo ndiye udzamva zenizeni. Kulandira lipoti la wodwala aliyense kwa amene akuweruka, kuyeza BP ndi kutentha kwa thupi, kupereka mankhwala pa nthawi yake, kenako kulemba, kulemba, kulembanso. Ambiri sadziwa kuti unamwino uli ndi zolembalemba zochuluka chonchi. Ufunsenso chimene anakachiphunzirira mu wodi chimene kusukulu sanawauze. Koma funso limene ine ndimalikonda kuposa onse ndi ili: "Anzanu amene munayamba nawo n'kusiya, anasiyiranji?" Munthu amavutika kudandaula za ntchito yake pamaso pa mlendo, koma za mnzake amamasuka, ndipo kulemera kwa ntchitoyo umakumvera mmenemo.

Ukafunsa, tseka pakamwa. Akaima pang'ono usathamangire funso lina la pakope, mwina akukumbukira. Ungoti, "Ndiye inu munatani?" kapena "Zinatha bwanji?"

Musanasiyane uwafunse ngati pali wina amene ungacheze nayenso. Izi si zocheza ayi. Katswiri wina wa ku America, Mark Granovetter, analemba mu 1973 kuti mwa anthu amene anapeza ntchito kudzera mwa munthu, ambiri anaimva kwa wodziwana naye patalipatali, osati mnzawo wa tsiku ndi tsiku. Anzako apamtima amadziwa zomwe iwe ukuzidziwa kale, eti. Mawa lake utumize uthenga wothokoza, utchulemo chinthu chimodzi chimene ananena, adziwe kuti unkamvadi.

Eya, tibwere ku mantha ako aja. Pamene anamwinowo akukufotokozera za usiku umene zinavuta, umvetsere kafotokozedwe kawo. Adzayamba ndi mmene zinthu zinalili, n'kunena chimene chinali pa mapewa awo, chimene anachita, ndi mmene zinathera. Olemba anthu ntchito njira imeneyi amaitcha STAR, ndipo ndi yomwe amaiyembekezera akakufunsa kuti, "Tiuze za nthawi imene unasemphana maganizo ndi mnzako pa ntchito." Wina amayankha kuti "ndine wodekha, ndimagwira bwino ntchito ndi anzanga." Aaa, zimenezo aliyense wolowa pakhomopo wanena kale. Iwe upereke nkhani. Usati ulibe poti sunagwirepo ntchito. Ntchito ya pagulu ya kusukulu imene mnzanu wina sankabwera, kapena nthawi imene unasamalira wodwala kunyumba, zonsezo ndi nkhani. Koma uzinena kuti "ine ndinachita chakuti", osabisala mu "tinachita", poti akufuna kulemba iweyo, osati gulu lonse.

Konza nkhani zitatu kapena zinayi, iliyonse isapitirire mphindi ziwiri. Usaloweze mawu ngati ndakatulo, akangokudula pakati usokonezeka. Uimike foni patebulo, udzijambule ukuyankha, kenako uonere. Zimachititsa manyazi, ndikudziwa, koma ndi pomwe udzaone kuti maso ali pansi ndipo "eee, eee" wachuluka. Pamapeto akakufunsa ngati uli ndi funso, usati ayi, tenga limodzi mwa zimene unamva kwa anamwino aja.

Lemba mafunso ako uwaponye pano ndiwaone usanapite. Loweruka madzulo ndikuimbira pa vidiyo, ine ndikhala wofunsa, ndipo sindikumvera chisoni. Achimwene, mumubwereke foni yanu ija, yake imazima pakati pa nkhani.