Tchaja yoyenera mabatire a boti

Achimwene, mwafunsa za tchaja yoyenera mabatire awiri a m'boti lanu. Gulani tchaja yopangidwira maboti, yosalowa madzi, imene imachepetsa yokha moto batire likamadzaza. Mphamvu yake ikhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kukula kwa batire, kotero kuti batire la 100Ah (Ah ndi muyeso wa kukula kwa batire) limafuna tchaja ya 10A (A ndi muyeso wa mphamvu ya tchaja). Popeza muli ndi batire lolizira injini ndi lina loyatsira nyali, sankhani yotchaja awiriwo padera.

Ine ndinayesapo tchaja wamba ya galimoto ku Monkey Bay, koma nditaisiya usiku wonse, m'mawa ndinapeza batire likutentha ngati mbaula, madzi ake ataphwa.

Mukafuna kuika mabatire a lithium kapena kulumikiza magetsi apadoko, itanani katswiri wa zamagetsi kuti aone mawaya ndi mafyuzi.