Masiku Anayi ku St Lucia ndi Hluhluwe: Gaidi Alembedwe Pati?

Mayi ena okhala ku Durban atilembera imelo. Makolo awo akubwera kuchokera ku Zomba mu Disembala. Bambo awo amakonda mbalame moti amatha m'mawa wonse atakhala pakhonde akuzimvetsera, pomwe mayi awo akungofuna kuona chipembere ndi maso awo. Ali ndi masiku anayi ndi galimoto yaing'ono, ndipo akufunsa ngati n'koyenera kulipira ulendo wonse wokhala ndi gaidi kumadambo a kugombe la nyanja ndi kumalo osungira nyama ku KwaZulu-Natal, kapena ayende okha.

Mayi, musalipire gaidi wa masiku onse anayi, komanso musapite opanda gaidi. Ndalama yanu ipite pamalo atatu okha: m'nkhalango m'mamawa, pamadzi, ndi paliponse poyenda pansi. Kwina konseko galimoto yanu ikwanira.

Kuchoka ku Durban mutsate msewu wa N2 kulowera kumpoto, mukhote pa Mtubatuba kulowa R618 mpaka m'tauni ya St Lucia. Ndi makilomita pafupifupi 240, maola atatu mukuyenda modekha. Tauniyi yazunguliridwa ndi iSimangaliso Wetland Park, yomwe UNESCO inailemba m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 1999, ndipo gombe lake limayenda makilomita pafupifupi 220 mpaka kumalire a Mozambique ku Kosi Bay. M'menemo mwapezeka mitundu ya mbalame yoposa 500, chifukwa malo amodzi omwewo muli nyanja yamchere, mathiriro a mtsinje m'nyanja, madambo a mabango, udzu wa m'zidikha ndi nkhalango yomera pamapiri a mchenga. Msewu womwewo wa R618, mukabwerera nawo kudutsa Mtubatuba, umakufikitsani pa geti la Nyalazi lolowera kumalo osungira nyama a Hluhluwe-iMfolozi, ulendo wa ola limodzi. N'chifukwa chake tikuti gonani ku St Lucia usiku wonse utatu, m'malo momasula ndi kumanga katundu tsiku lililonse muli ndi anthu akuluakulu.

Tiyambe ndi bambo, chifukwa ndi pamene gaidi amafunikadi. Mbalame za pamadzi sizivuta: nkhwazi imakhala poyera pamtengo n'kumalira mmene imalirira ku Mangochi, akakowa ndi mavuwo mumawaona muli kutali. Za m'nkhalango ndi nkhani ina. Mukhoza kuyenda kanjira ka iGwalagwala, kumapeto kwa tauni ya St Lucia, maola awiri n'kutuluka mutaona zitatu zokha, pomwe pamwamba panu panali mitundu makumi awiri. Masamba ndi othithikana, mbalamezo n'zazing'ono ndipo sizikhazikika. Gaidi wa mbalame amayenda ndi makutu. Amaima mwadzidzidzi, kukweza chala, n'kunong'ona dzina la mbalame asanaione, kenako amakuuzani kuti muyang'ane pa nthambi yachiwiri kumanzere kwa thunthu lopindikalo. Mukaloza magalasi oonera patali (ma binoculars) pamenepo mumapeza Livingstone's Turaco, yobiriwira, yansunguli yosongoka, ndipo ikatambasula mapiko mumaona kufiira ngati makala amoto. Rudd's Apalis, Woodward's Batis ndi Green Malkoha zimapezeka m'nkhalango zomwezi, ndipo munthu wosadziwa kulira kwake angazidutse sabata yathunthu.

Pomulemba gaidiyo mufunse zinthu zinayi. Kodi ndi gaidi wa mbalame kapena wa nyama? Ambiri oyendetsa magalimoto otsegula amadziwa mkango ndi njovu bwino lomwe, koma kambalame kofiirira akakaona amangoti ndi ka m'tchire. Kodi ndi wolembetsedwa? Ku South Africa lamulo limafuna kuti wotsogolera alendo alembetsedwe kuboma la chigawo chake, ndipo amakhala ndi khadi ndi baji. Funsani ngati anaphunzira kudzera ku FGASA, bungwe la magaidi a m'tchire, kapena ndi mmodzi mwa anthu a m'midzi yozungulira amene bungwe la BirdLife South Africa linawaphunzitsa. Awa nthawi zambiri amakwera galimoto yanu yomwe, motero mtengo umatsika. Kodi mukhala anthu angati? Oposa asanu ndi mmodzi pakanjira ka m'nkhalango ndiye kuti wakumbuyo amafika mbalame itauluka. Pomaliza, mtengo akukuuzaniwo muli ndalama ya pageti kapena ayi? Apa ndi pamene anthu amakangana pobwerera.

Nthawi ndiyo imawononga maulendo ambiri, osati gaidi. Mu Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 5 koloko, ndipo ikamakwana 9 koloko nkhalango yakhala zii chifukwa cha kutentha. Amene amayamba wadya kaye chakudya cha m'mawa ku loji amakapeza zotsala. Konzani tiyi mu fulasiki usiku, nyamukani kusanache, mudzadye pobwera. Masana onse, kuyambira 11 mpaka 3 koloko, makolo apume.

Za mweziwo tinene zoona zake. Kwa bambo, Disembala ndi wabwino kwambiri: mbalame zochokera ku Ulaya ndi kumpoto kwa Africa zimakhala zafika, zakomweko zili ndi nthenga zoswanirana ndipo zikuimba. Kwa mayi ndi wovutirapo, chifukwa udzu umakhala wautali, madzi ali paliponse ndipo nyama sizisonkhana padziwe limodzi ngati mmene zimachitira kuyambira Juni mpaka Seputembala. Ndi mwezinso wa tchuthi cha sukulu. Malo ogona amadzaza miyezi ingapo isanafike, ndipo magalimoto olowa kupita ku Cape Vidal, gombe la m'kati mwa iSimangaliso, ali ndi malire patsiku, motero wofika mochedwa pa geti la Bhangazi lolowera kumeneko amadikira pamzere. Ngati mungathe, pitani sabata yoyamba ya Disembala masukulu asanatseke.

Tsiku lofika, madzulo, kwerani bwato pamathiriro a mtsinje ku St Lucia. Ulendowu ndi wa maola awiri ndipo gaidi ali kale m'bwatomo. Sankhani bwato laling'ono la anthu ochepa osati lalikulu lansanjika, chifukwa laling'ono limafika pafupi ndi mabango ndipo woyendetsa amakumverani mukamupempha kuima. Mvuu muziona zambiri, ng'ona zili pamchenga, ndipo bambo ayang'ane pansi pa nthambi zolendewera pamadzi, pomwe African Finfoot imasambira mobisala. Mangrove Kingfisher musaiyembekezere. Imabwera kugombeli nyengo yozizira. Kuchuluka kwa mavuwo ndi ma flamingo kumasintha chaka ndi chaka malinga ndi kuya kwa madzi ndi mchere wake, chifukwa pakamwa pa mtsinjewo pamatseka ndi kutseguka. Gaidi woona mtima akuuzani mmene zilili chaka chimenecho.

Chenjezo ili musalitenge ngati nthabwala za alendo: mvuu zimatuluka usiku kukadya udzu m'misewu ya tauni ya St Lucia. Kukada, yendani pagalimoto ngakhale lesitilanti ili pafupi. Mvuu ili pamtunda ikadzidzimuka imathamangira kumadzi, ndipo chilichonse choima pakati pake ndi madziwo imachigunda. M'madzimo musaponde ngakhale phazi.

Tsiku lachiwiri, m'mamawa ndi wa gaidi wa mbalame ku iGwalagwala. Ngati mayi sakufuna, agone. Madzulo yendani nokha njira ya Eastern Shores kulowera ku Cape Vidal, makilomita pafupifupi 35 a tala, yokhala ndi tinjira tokhota topita kumadziwe ndi tinyumba tobisalamo poonera nyama. Pamawaya ndi pansonga za mitengo yang'anani Southern Banded Snake Eagle. Ku Cape Vidal kuli nchima ndi apusi ozolowera anthu. Tsekani mawindo ndipo chakudya chisaoneke.

Tsiku lachitatu ndi la mayi. Hluhluwe-iMfolozi inakhazikitsidwa mu 1895, ndi yaikulu mahekitala pafupifupi 96,000, ndipo ndi kumene chipembere choyera chinapulumukira chitatsala pang'ono kutha. M'zaka za m'ma 1960 Ian Player ndi anzake anayamba kusamutsira zipemberezi kumalo ena. Makolo anu adzakondwa kudziwa kuti zipembere zakuda 17 zimene zinafika ku Liwonde mu 2019 zinachokera ku KwaZulu-Natal, ndipo zinasungidwa kaye ku iMfolozi zisanakwere ndege. Muwauziretu mayi kuti zambiri adzaziona zopanda nyanga. Kuyambira 2024 oyang'anira malowa akhala akudula nyangazo pofuna kufooketsa opha nyama mozemba. Nyanga imamera ngati chikhadabo, ndipo nyamayo imakhala bwinobwino.

Kuno mukhoza kuyenda nokha. Misewu ikuluikulu galimoto yaing'ono imadutsa, ngakhale mvula ikagwa ya dothi ina imaterera. Nyengo yotentha geti limatsegulidwa 5 koloko m'mawa, motero nyamukani ku St Lucia 4 koloko. Liwiro lololedwa ndi makilomita 40 pa ola, koma woona nyama amayenda 20 kapena 25. Pa geti la Nyalazi sankhani mbali imodzi, ya iMfolozi kummwera, yomwe ili yotseguka ndipo zipembere zimaoneka mosavuta. Kufuna kumaliza mbali zonse tsiku limodzi ndiye kuthera tsiku pachiwongolero. Komabe ngati thumba likulola, galimoto yotsegula ya gaidi ili ndi phindu m'nyengo ya udzu wautali: mumakhala pamwamba, ndipo magaidi amauzana kumene mikango yagona. Mukakumana ndi njovu pamsewu, imani patali mamita 50 kapena kuposa, injini isazime, ndipo siyani mpata wobwerera m'mbuyo. Yamphongo imene ikuchucha madzi m'mbali mwa mutu ndi kudontha mkodzo m'miyendo ili pa nyengo yaukali. Ipatseni njira yonse.

Ena adzakuuzani za malo osungira nyama a uMkhuze, ndipo sakunama. Kumeneko kuli mitundu yoposa 400, dziwe la Nsumo, ndi nkhalango ya mikuyu yomwe mumayendamo pansi ndi mlonda wamfuti, kufunafuna kadzidzi wamkulu wogwira nsomba, Pel's Fishing Owl, yemwe amapezekanso m'mbali mwa Shire ku Liwonde. Koma ndi maola awiri kapena kuposa kuchokera ku St Lucia. Pa masiku anayi, musiyeni. Akufunika ulendo wakewake wogona komweko.

Chimene Disembala ali nacho chomwe miyezi yozizira ilibe ndi akamba a m'nyanja. Kuyambira Novembala, ma leatherback ndi ma loggerhead amatuluka usiku kudzaikira mazira mumchenga. Ulendowu umachitika ndi makampani ovomerezeka okha, umatsata nthawi imene madzi aphwera, ndipo mutha kubwerera pakati pausiku. Tochi yoyera ndi kuwala kwa kamera n'zoletsedwa, chifukwa kamba akasokonezeka amabwerera m'madzi osaikira. Palibe angakulonjezeni kuti mumuona. Ngati mwaukonda, uikeni usiku womaliza kuti m'mawa mwake musakhale ndi zodzukira.

Zonyamula n'zochepa. Ma binoculars a 8x42, aliyense ake ngati n'kotheka, chifukwa kupatsirana kumatayitsa mbalame. Zovala zosawala, buluku lalitali lolowetsa m'masokosi chifukwa cha nkhupakupa zing'onozing'ono za mu udzu, ndipo madzulo mudziyang'ane m'miyendo. Kachilonda kakuda pakati kotsatana ndi malungo ndi mutu patapita sabata n'chizindikiro choti muonane ndi dokotala. Malungo a udzudzu ku St Lucia ndi ochepa, amachulukirapo kumpoto chakumalire a Mozambique, koma inu amene mwakhalitsa ku Durban thupi linaiwala kale kulimbana nawo, motero funsani kuchipatala musananyamuke. Tengani mapasipoti a makolo ndi chikalata chanu chokhalira m'dzikolo, popeza pageti la Hluhluwe-iMfolozi mtengo wa nzika ndi wa alendo akunja umasiyana. Ndipo bambo akakhala ndi kulira kwa mbalame pafoni, asakuike mokweza m'nkhalango mu Disembala: mbalame imasiya chisa kudzathamangitsa mdani yemwe kulibe, mazira n'kutsala padzuwa.