Funsani Azakhali: Pabalaza pasanduka hotelo, kodi mwanayu akuphunzirapo kanthu?

Azakhali,

Ine ndine mayi wa ana awiri, wamkazi wa zaka 7 ndi wamwamuna wa zaka 5. Chaka chino ndikuwaphunzitsa ndekha pakhomo chifukwa tinasamukira ku famu komwe bambo awo akugwira ntchito, sukulu ili kutali zedi ndipo mvula ikagwa mtsinje umadzaza moti ana ang'onoang'ono sangawoloke. Nde vuto langa ndi ili. Mwezi wathawu tinapita ku ukwati ku Salima, tinagona pa loji ina cha ku Senga Bay, chibwerereni kumeneko wamkuluyu za kope sakuzifunanso, pabalaza ponse pasanduka hotelo, tebulo lodyera ati ndi risepishoni, kamchimwene kake kasanduka weta. Ndikati tiye tipange masamu amayamba kulira koma pa hotelo yakeyo atha kukhala maola awiri osadzuka. Apongozi anga anabwera sabata yatha akuti ndikuwononga ana ndi zamasanje. Bambo ake nawo sakukondwa kuona mnyamata akuyala bedi ndi kunyamula thireyi. Ndiletse kodi? Mtima ukundiwawa, ndikuopa kuti anzake akumusiya kutali.

Mayi wodandaula, Kasungu

Achemwali anga,

Musaletse, chonde musaletse. Mwana amene amakhala maola awiri pa chinthu chimodzi osadzuka ameneyo si waulesi, ndipo apongozi anu atati ndi zamasanje sananame ayi, kungoti masanjewo awapeputsa. Ife amene tinakulira kumudzi tikukumbuka, akamaliza kukolola timapita kukakunkha chimanga chotsalira m'munda, kumanga timisasa ta mapesi, wina bambo wina mayi wina mfumu, osaiwala uja amakhala fisi wobera ndiwo, nde kuphika nsima yosapsa bwino m'kamphika koma kudya mosangalala. Ambiri aife kugwira mthiko ndi kusonkha moto tinaphunzirira komweko, panalibe wotilembera pa bolodi. Mwana wanuyu waona dziko lina, la makiyi ndi malisiti, nde masanje ake atengera zomwe waonazo.

Langizo langa lenileni ndi limodzi. Siyani kuima pakhomo la hoteloyo ngati mphunzitsi wodikira kuti masewera athe, lowani ngati mlendo. Nyamulani chikwama, gogodani, muyankhule naye mwaulemu ngati mmene munayankhulira ndi a pa risepishoni ku Salima kuja, "zikomo achemwali, malo ogona alipo?" Masamu onse amene mukumulirira nawo pa kope mulowa nawo m'chikwama chomwecho.

Ine ndinaziona ndi maso anga mu 2020, sukulu zitatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid-19, adzukulu anga atatu anadzakhala kwa ine miyezi ingapo. Wapakati anali wa msinkhu wa mwana wanuyu ndipo kuchulukitsa amakudana nako koopsa. Iwo anatsegula resiti hausi pakhonde, zipinda anajambula ndi makala pansi, makiyi anali zitsekerero za mabotolo zobooledwa ndi msomali n'kumangirira kachingwe. Tsiku lina ndinafika ndi ndalama zodula pa katoni ya sopo, ndinafunsa mtengo ati K500 usiku umodzi, ine nde ndigona masiku atatu, n'kutulutsa ya K2,000. Mwana uja anakhala chete, lilime lili panja pang'ono, akuyala timapepala ta K500 patebulo kamodzikamodzi, kenako anandiyang'ana n'kuti "agogo, yanu ndi K1,500, chenji ndikupatsani K500." Ameneyo ndi mwana yemwe dzulo lake anandilirira pa 3 kuchulukitsa ndi 5. Sindinamuuze kuti wachulukitsa, ndinangolandira chenji changa n'kupempha lisiti, analemba ndithu, zilembo zokhotakhota koma dzina langa, tsiku ndi ndalama zonse zinalipo.

Chimachitika n'choti pa kope nambala ilibe mwini, olo alakwitse palibe chimene chatayika, pomwe pa risepishoni akalakwitsa chenji mlendo adandaula kapena hotelo iluza, nde mutu umagwira ntchito wonse. Katswiri wina wa za kakulidwe ka ana wa ku Russia, Lev Vygotsky, amene anamwalira mu 1934, anaphunzitsa zomwezi, kuti mwana akamasewera zoyerekeza amachita zinthu zoposa msinkhu wake chifukwa udindo umene wadzipatsawo uli ndi malamulo ake ndipo amawatsata mwa kufuna kwake. Taonani nokha, mwana amene sangakhale phee mphindi zisanu, akakhala "mlonda wa pageti" amaima nji mpaka mlendo atafika. Nayenso Maria Montessori, dokotala wa ku Italy amene anatsegula sukulu yake yoyamba ya ana ku Rome mu 1907, ngakhale iye amakonda ntchito zenizeni kuposa zongoyerekeza, anaika kusesa, kuthira madzi m'kapu, kupukuta tebulo ndi kupinda nsalu pakati penipeni pa maphunziro a ana ang'ono. Hotelo ya mwana wanu yadzaza ndi ntchito zimenezo.

Nde poyambira, mugulireni kakope kamodzi kakhale buku la alendo, mizere ajambule yekha ndi rula, dzina, kochokera, nambala ya chipinda, masiku. Pamenepo akulemba kale. Menyu alembenso yekha, tiyi ndi mandasi, phala, nsima ya chambo, nsima ya nkhwani wotendera, mitengo aike yekha olo ikhale yodabwitsa. Akalakwitsa kalembedwe musatulutse cholembera chofiira pakati pa sewero, mungoti "pepani a manijala, apa mwalemba chani, maso angawa", akonza yekha, zotsalazo mudzakonzere limodzi hotelo ikatseka. Ndalama dulani pa katoni zofanana ndi zathu zenizeni, K50, K100, K200, K500, K1,000, K2,000, ya K5,000 ija inabwera mu 2022 muisunge kaye mpaka atazolowera zing'onozing'ono. Mupachike kalendala pakhoma, mlendo wafika Lachitatu agona masiku anayi, atuluka liti? Funso limeneli limavuta olo ana a Sitandade 4. Tsiku lina mudzabwere ngati mlendo wochokera ku Nairobi wosamva Chichewa kuti Chingelezi chake chituluke, mukatero mutenge mapu afufuze komwe mlendoyo wachokera. Tsiku lina mubwere ndi banja la anthu 7 pomwe zipinda zatsala ziwiri, muone mmene agawire. Tsiku lina mudandaule ndithu, madzi osamba ndi ozizira, neti yabooka, aphunzire kupepesa ndi kukonza chinthu osakwiya, luso limene akuluakulu ambiri tilibe.

Kamnyamata ka zaka 5 kaja musakapanikize ndi chenji. Iko kawerenge masupuni ndi makapu, kafananize nambala ya pa kiyi ndi ya pa chitseko, kapinde mataulo pakati kenako pakatinso. Zamoto ndi mipeni ayi, tiyi wa pa hoteloyi akhale madzi ozizira pokhapokha inu muli pompo.

Chimene ndikuopa pa inu n'chimodzi, kulanda sewero. Ife makolo tikaona kuti chinthu chikuthandiza timachigwira ndi manja awiri mpaka kuchipha, mawa lake tabwera ndi mafunso khumi okonzeratu, mwana n'kununkhiza kuti iyi ndi kalasi yovala chitenje, basi chidwi chonse chatha. Mwini hotelo ndi iyeyo. Inu bweretsani vuto limodzi kapena awiri patsiku, kwinako muzingogona pa mphasa yanu ngati mlendo. Ikadzamutopetsa hoteloyo n'kutsegula chipatala kapena okala, musamukire komweko.

Komanso ndisakunamizeni kuti masewera okha akwanira. Kuwerenga kumafuna kukhala pansi tsiku ndi tsiku, olo mphindi 20 mmawa mutu usanatope, maliwu, maphatikizo, kankhani kafupi mokweza, kenako hotelo itsegule. Pezani mabuku a Sitandade 1 ndi 2 amene amakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi kuti muzidziwa pomwe anzake afika, ndipo pitani mukacheze ndi ahedi a sukulu yapafupiyo olo ili kutali, chifukwa lamulo la zamaphunziro la 2013 limati maphunziro a pulayimale ndi okakamiza, komanso kutsogoloku kuli mayeso a MANEB a Sitandade 8. Ahedi akakuuzani mmene ana angalembetsere ndi mmene angadzalowere m'kalasi zinthu zikadzasintha. Ana amafunanso anzawo, nde a pa famupo Loweruka azibwera kudzakhala alendo, hotelo yopanda alendo ambiri simakoma.

Za bambo akunyumba, ndikuwamvetsa, anakula choncho, koma muwafunse mwaulemu kuti pa loji munagona paja amene anawabweretsera chakudya anali ndani. Ku Ryalls ku Blantyre, ku Sunbird Nkopola ku Mangochi, ku Ku Chawe pa phiri la Zomba, m'makhitchini ndi m'malo odyera mwadzaza azibambo amene akudyetsa mabanja awo ndi ntchito yomweyo, ena anachita kukaiphunzira ku Malawi Institute of Tourism ku Blantyre, ena mpaka digiri ku Mzuzu University. Olo mnyamata wanuyo asadzagwire ntchito ya hotelo, tsiku lina adzapita ku sekondale yogonera komweko ndipo bedi adzayala yekha.

Apongozi musakangane nawo. Akadzabweranso auzeni ana kuti kukubwera mlendo wolemekezeka, awakonzere chipinda nambala 1, maluwa m'kabotolo, awalandire chikwama pakhomo, mdzukulu wawo awalembe m'buku la alendo n'kuwawerengera chenji pamaso pawo. Inu mukhale kukhitchini, musayankhule kanthu. Mudzandilembere mmene zidzathere, ndikufuna kumva.

Azakhali