Bwalo la Mawu: Chasweka, Chathyoka Kapena Chaduka?

FUNSO: Ndimaphunzitsa Chingerezi kusekondale. Ndinapatsa ana ziganizo zokhala ndi mawu akuti "break" kuti amasulire, ndipo ambiri analemba "kuswa" paliponse: kuswa ndodo, kuswa chingwe, mpaka kuswa foni imene yangosiya kugwira ntchito. Ndikati alakwa, amandilozera dikishonale. Ndiwayankhe bwanji? Ndine mphunzitsi.

YANKHO: Aphunzitsi, dikishonaleyo sinawanamize anawo, kungoti yawapatsa liwu limodzi pamene pamafunika mawu ambiri. Auzeni atseke bukulo, anene zinthuzo mmene amazinenera akamacheza okhaokha. Simudzamva mwana akuti waswa ndodo. Ndodo imathyoka, chimodzimodzi fupa, nthambi ndi singano, chinthu chilichonse chachitali ndi cholimba chimene chapindidwa mopitirira. Chingwe ndi ulusi zimaduka. Galasi ndi botolo zimasweka, ndipo zikamenyedwa mpaka kutsala tizidutswa timati zaphwanyika. Nsalu ndi pepala zimang'ambika. Khoma limayamba ndi kung'aluka, kenako n'kugumuka. Kapu ikachoka kachidutswa m'mphepete yabenthuka. Foni ija yawonongeka, kapena yafa, ngakhale ilibe mng'alu ndi umodzi womwe. Ife tikasankha mneni timakhala tanena kale mtundu wa chinthucho ndi mmene chalekanirana. Pa zambiri mwa izi Mngerezi amangoti "break", zinazo womvera aganize yekha.

Palinso china chimene ndikufuna muwatsindikire. Chingerezi chimagwiritsa ntchito liwu lomwelo ponena kuti mwana waswa galasi ndi ponena kuti galasi lasweka. Ife tili ndi mawu awiriawiri: kuswa ndi kusweka, kuthyola ndi kuthyoka, kudula ndi kuduka, kugumula ndi kugumuka. Ena mwa anawo adzakhala omasulira m'khoti. Kumeneko "zenera linasweka" ndi "anaswa zenera" ndi maumboni awiri osiyana, ndipo wina akhoza kulowa nawo m'ndende.

Akatswiri anaifufuzapo nkhaniyi. Gulu la ku Max Planck Institute for Psycholinguistics mumzinda wa Nijmegen ku Netherlands, momwe munali Asifa Majid ndi Melissa Bowerman, linajambula timavidiyo 61 toonetsa zinthu zikudulidwa, kuthyoledwa, kung'ambidwa ndi kuphwanyidwa. Timavidiyoto anaonetsa anthu a zilankhulo 28 kuti anene zimene aona, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2008. Olankhula Yélî Dnye, a pachilumba cha Rossel ku Papua New Guinea, anakwanitsa ntchito yonseyo ndi aneni atatu okha. Olankhula Tzeltal ku Mexico anagwiritsa ntchito aneni oposa 50. Chimene chimandikondweretsa ine n'chakuti ngakhale anasiyana chotero, zilankhulozo zinkagawa zochitikazo potsata funso limodzi: kodi munthu angadziwiretu pamene chinthucho chilekanire? Mpeni umadula pomwe wauika. Nyundo ikagunda mbale yadothi, sungalose kumene mng'alu ulowere. Malire a kudula ndi kuswa ali pomwepo, ngakhale chingwe chathu chija chimachita zachezache, poti chimaduka ndi mpeni, chimadukanso chikangokokedwa.

Mukafika pa zinthu zosagwirika, musalole kulotera. Lamulo timaswa kapena kuphwanya, pangano timaswa, mtima umasweka, koma akuba amathyola nyumba ndipo banja limatha. Chiswahili pamenepa chili pafupi ndi Chingerezi kuposa ife: "kuvunja" amanenera galasi, ndodo, lamulo ndi ukwati womwe.

FUNSO: Ndaona kuti "interrupt", "disrupt", "corrupt" ndi "bankrupt" onse amathera mofanana. Kodi n'zongochitika? Ndine wophunzira wa chaka choyamba kukoleji.

YANKHO: Mwaona bwino, achimwene. Onsewo ndi ana a mneni wa Chilatini "rumpere", kuswa. "Inter" ndi pakati, choncho "interrupt" ndi kuswa chinthu chili pakati. "Disrupt" ndi kuswa n'kumwaza, "corrupt" ndi kuwonongeratu, "erupt" ndi kuswa potuluka, monga limachitira phiri lophulika. "Bankrupt" anadzera ku Chitaliyana "banca rotta", benchi yothyoka, kunena benchi imene osintha ndalama ankachitirapo malonda. Ngakhale "route", njira, ndi wa m'banja lomwelo: "via rupta" inali njira yoboola pamalo pomwe panalibe podutsa. Chijeremani chili ndi banja lakelake kuchokera ku "brechen", kuswa. "Unterbrechung" ndi kudukiza, "Zusammenbruch" ndi kugwa kotheratu, ndipo mlandu waukulu amautcha "Verbrechen".

Koma musatengeke n'kulemba kuti "anamuswa akulankhula". Ife mawu a munthu timadula: "Pepani, ndikuduleni pang'ono." Sitili tokha. Mfalansa amati "couper la parole", kudula mawu, ndipo "kukatiza" kwa Chiswahili kumachokera ku "kukata", kudula. Ntchito kapena maphunziro zikaima kwa kanthawi timati zadukiza.

Chenjerani ndi "disruption" m'nkhani zamalonda. Kuyambira 1995, pamene Clayton Christensen ndi Joseph Bower a ku Harvard Business School analemba za luso latsopano limene limagwetsa makampani akale, liwuli lakhala lotamanda pakati pa amalonda. Mukalemba "kusokoneza", wowerenga amva kuti wina walakwa. Nenani chimene chachitika: njira yatsopano yalanda malo a yakale.

FUNSO: Ndimamasulira nkhani zakunja pawailesi. "Upheaval", "uprising" ndi "revolution" amandivuta, moti nthawi zambiri ndimangoti "chipwirikiti". Kodi n'zolakwika? Ndine mayi wogwira ntchito m'chipinda cholembera nkhani.

YANKHO: Mayi, nthawi zina n'zolakwika ndithu, ndipo ndikupemphani musiye kulidalira liwu limeneli. Chipwirikiti ndi pamene aliyense akuthamangira kwake, palibe mutu palibe cholinga. Chipolowe chili ndi miyala, moto ndi ovulala. Mpungwepungwe ndi kukokanakokana kwa m'chipani kapena m'bungwe. Kuukira ndi kugalukira ndi mawu a amene ali pampando, poyang'ana amene akufuna kumuchotsa. Pa mawu onsewa palibe limodzi lotamanda. Mukawagwiritsa ntchito ponena za anthu amene anakonzekera, ali ndi atsogoleri ndi zofuna zodziwika, mwaweruza kale mlandu omvera asanaumve.

Zilankhulo zambiri zikamanena za kugwedezeka kwa ulamuliro wa dziko zimasiya chithunzi cha kuswa n'kutenga cha kutembenuza. "Revolution" poyamba kunali kuzungulira: katswiri wa zakuthambo Copernicus mu 1543 analigwiritsa ntchito ponena za kuyenda kwa zinthu zakuthambo, ndipo tanthauzo la kugwetsa ulamuliro linakhazikika ndi zimene zinachitika ku France mu 1789. "Catastrophe" ndi Chigiriki, kugubuduza. Chiswahili chili ndi "mapinduzi" kuchokera ku "kupindua", kutembenuza, ndipo ndilo dzina la zimene zinachitika ku Zanzibar pa 12 Januwale 1964. Liwu lomwelo amanenera asilikali akalanda boma, choncho nkhani yochokera ku Chiswahili muziiwerenga yonse musanasankhe mawu. Ajeremani amati "Umbruch", liwu limene alimi amanenera kugalauza nthaka, koma za 1989, chaka chimene khoma la Berlin linagwa, amakonda kuzitcha "die Wende", kukhota. "Intifada" ya Chiarabu, yomwe dziko linaimva kuyambira 1987 ponena za kulimbana kwa Apalestina ndi ulamuliro wa Israeli, ndi kusansa chinthu chimene chakumatirira. "Geming" ya Chitchaina, liwu lawo la "revolution", poyamba inkatanthauza kuchotsa ulamuliro umene kumwamba kunapatsa mfumu.

Dzina limadaliranso amene akulipereka. Zimene zinachitika ku India mu 1857 Angerezi anazitcha "mutiny", kugalukira kwa asilikali, pamene Amwenye ambiri amazitcha nkhondo yoyamba yomenyera ufulu. Nkhondo ndi kusamuka kwa mitundu kum'mwera kwa Africa, kumene kunachititsa Zwangendaba ndi Angoni ake kuwoloka Zambezi mu 1835, kumatchedwa Mfecane, dzina limene kawirikawiri amamasulira kuti kuphwanya, pamene Asotho amati Difaqane. Mu 1988 wolemba mbiri Julian Cobbing anatsutsa kagwiritsidwe ka dzina la Mfecane, ponena kuti limasenzetsa Shaka ndi Azulu mlandu wonse n'kubisa mbali ya ogula akapolo ndi atsamunda. Ena anamutsutsa, ndipo mkanganowo unatenga zaka.

Ndiye pawailesi chitani chonchi. Ngati asilikali achotsa mtsogoleri, nenani kuti asilikali alanda boma. Ngati ndi anthu wamba, nenani kuti anthu agwetsa boma, kapena akuchita zionetsero zofuna kuti boma lichoke. "Upheaval" yopanda ndale, monga ya chuma kapena ya m'banja, ndi kusintha kwakukulu kodzidzimutsa, kapena mungoti zinthu zatembenuka. Mayina ngati Intifada ndi Mfecane asiyeni momwe alili, muwafotokoze kamodzi koyambirira kwa nkhani, ndipo mutchule amene amawagwiritsa ntchito. "Chipwirikiti" musungire tsiku limene anthu akuponderezana pachipata cha bwalo lamasewero.