Zipinda ziwiri, ana atatu ndi apongozi: yankho kwa mayi wa ku Moatize

(Yankho ili linalembedwa mu 2020, nthawi ya mliri wa korona, COVID-19.) Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene kwawo ndi ku Angónia kuno, koma amakhala ku Moatize komwe amuna awo amagwira ntchito ku mgodi wa malasha. Analemba kuti: "Tikuchita lendi nyumba ya zipinda ziwiri, tili ndi ana atatu komanso apongozi. Chitsekereni sukulu, ana angokhalira kulimbana, ine thupi lalemera, usiku tulo sitibwera. Nditani?"

Mayi, pepani ndithu. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020, patangopita tsiku limodzi chipezekereni wodwala woyamba wa korona m'dziko muno la Mozambique, ndipo pa 1 Epulo chaka chomwecho tinalowa pansi pa malamulo a nthawi ya ngozi amene a Filipe Nyusi, Pulezidenti wa nthawiyo, analengeza. Kwa mwana wozolowera kuthamanga pabwalo la sukulu, masabata onsewa ndi ngati chaka.

Ine ndikuona kuti chimene chakusautsani kwambiri si kuchepa kwa nyumba ayi. Kumudzi tinakulira m'nyumba zochepa kuposa yanuyo. Chavuta n'chakuti tsiku lilibenso mutu kapena mchira. Kale mwana ankadziwa kuti akadzuka asamba, ayenda wapansi kupita kusukulu, abwera ali ndi njala, agona atatopa. Lero akudzuka dzuwa lili pamutu, ndiye mphamvu zonsezo akuthera pa mng'ono wake. Kwathu ku Ulónguè zinalinso choncho masabata awiri oyamba, mpaka ndinayamba kuwadzutsa nthawi yomwe ija ya sukulu.

Yambirani pamenepo. Kwanuko dzuwa silichedwa kukwiya, choncho m'mamawa ndi madzulo ndiye nthawi yanu. Lamulo lija linatiletsa kusonkhana, silinatikhomere chitseko. Khonde ndi kabwalo ka pakhomo n'zanu. Jambulani phada pansi ndi khala. Pezani chingwe adumphe jingo, inunso mudumphe nawo, musachite manyazi ndi anzanu oyandikana nawo nyumba. Fulaye yekha ayambe wadikira, chifukwa amaitana ana a mudzi wonse. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azilimbitsa thupi mphindi 60 pa tsiku, wamkulu mphindi 150 pa sabata. Mphindi zimenezi sizifunika kuthera nthawi imodzi: pang'ono m'mawa, pang'ono dzuwa likapendeka, zakwana. Kusesa, kukolopa, kutunga madzi ndi kuchapa nazonso zimatulutsa thukuta, ndiye agawireni ana onse, anyamata omwe.

Koma chuma chachikulu m'nyumba mwanumo ndi apongozi anu, ndipo pano ndikufuna mundimvetse bwino. M'kalata yanu mwawatchula ngati munthu wongowonjezera kupanikizana, ndipo sindikukuweruzani, kukhala ndi apongozi m'zipinda ziwiri si masewera. Komabe mayi amenewo ali ndi nyimbo za chitelele, ali ndi nthano ndi zilapi zimene ana okulira m'tauni, pakati pa Chipwitikizi ndi Chinyungwe, mwina sanazimvepo. Apempheni mwaulemu kuti, "Amayi, taaphunzitsani adzukulu anuwa magule akwathu." Iwo aziyambitsa nyimbo ali pamphasa, ana aziwomba m'manja ndi kuvina. Mdima ukagwa anene "Padangotero," ana ayankhe "Tili tonse." Mudzaona okalambawo akutsitsimuka, pakuti nawonso asowa anzawo a kutchalitchi. Kumbukiraninso kuti matendawa amavuta kwambiri okalamba, choncho zopita kumsika ndi kukwera chapa (minibasi) zisakhale zawo.

Abambo akaweruka asambe m'manja ndi sopo, asinthe zovala, kenako atenge ana kwa kanthawi, kaya ndi mpira wa mapepala, kaya bawo wokumba pansi. Nthawi imeneyo ikhale yanu. Valani chophimba pakamwa ndi mphuno, cha nsalu ya chitenje chomwechi, muyende mwandawala kuzungulira dera lanu kusanade, osaima pagulu. Tulo timene tathawato nthawi zambiri timabwerera thupi likatopa bwino, makamaka mukasiya foni patali pogona. Mukaona kuti masabata akupita koma mtima sukukhazikika, kapena chakudya sichikulowa, pitani kuchipatala mukafotokoze monga mwandifotokozera ine.

Mundilemberenso pakatha masabata awiri, mundiuze nyimbo imene agogo ayamba nayo.